Kamangidwe ka maziko a chipilala cha pakhomo pa dothi la kuchigwa cha Shire

Munthu akamayenda mumsewu wa M1 kuchokera pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, kudutsa pa Nchalo ndi pa Ngabu mpaka kukafika ku Bangula, n'kumayang'ana m'makomo a m'mbali mwa msewuwo, sachedwa kuona zipilala zopendama. Zina ndi za pageti, zina ndi za mpanda, ndipo zina ndi zazifupi zimene anthu amamanga pabwalo kapena m'kamunda ka pakhomo kuti aikepo mphika wa maluwa, nyali ya sola kapena mgolo wa madzi othirira. Eni ake kawirikawiri amadandaula kuti simenti inali yachabechabe kapena kuti mmisiri anaichepetsa, koma mukachiyang'anitsitsa chipilala choterocho mudzapeza kuti njerwa zake zagwirana ndithu, pulasitala wake alibe mng'alu, ndipo chapendama chonse chathunthu ngati mtengo umene mizu yake yazuka. Vuto lake lili pansi pamene maso safika.

Ine ndinaphunzira zimenezi chuma chitawonongeka kale. Pakhomo pathu, kufupi ndi Ngabu, tinamanga chipilala cha njerwa chofika pachifuwa m'mwezi wa Okutobala, dothi litauma gwa, moti piki inkangodumpha ikamenya pansi. Titakumba dzenje losafika ngakhale m'bondo tinaona ngati tapeza pansi polimba ngati thanthwe, ndipo tinathira konkireti n'kumanga. Mvula itakhazikika mu Januwale, mbali imene inkalandira madzi a padenga inatukuka ndipo chipilala chinapendama. Chilimwe chotsatira chinabwerera n'kupendamira kumene kunali mtengo wa nimu, ndipo m'mbali mwa maziko munatseguka mpata woti dzanja langa linkalowa mpaka m'chigongono. Chaka chachitatu tinachigwetsa tokha poopa kuti chingagwere ana.

Chimene chinatigonjetsa ndi makande, dothi lakuda lija limene lafala kwambiri m'madera ozungulira Ngabu ndi m'malo ena ambiri a Chikwawa ndi Nsanje. Alimi a thonje ndi mapira amalikonda chifukwa lili ndi chonde ndipo limasunga chinyezi, koma kwa womanga ndi dothi lofuna kulisamalira kwambiri. Likanyowa limafufuma, limamata kuphazi mpaka munthu kulemedwa, ndipo limatseka matayala a njinga. Likauma limanyala n'kung'ambika ming'alu yotakata imene imatha kutsika mita yathunthu. Kufufuma ndi kunyala kumeneku kumachitika chaka ndi chaka, ndipo kumakhala kwakukulu pamwamba, n'kumachepa mukamatsika pansi pamene chinyezi sichisinthasintha kwambiri. Kuno mvula imagwa miyezi yochepa, kenaka pamabwera miyezi yambiri ya dzuwa, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho dothi lapamwamba limauma kotheratu lisananyowenso mwadzidzidzi.

Pali mfundo imodzi imene anthu ambiri saiganizira, ndiyo yakuti chipilala chaching'ono chimavutika ndi makande kuposa nyumba yaikulu. Nyumba ili ndi kulemera kumene kumapanikiza dothi kuti lisatukuke mwachisawawa, pamene chipilala cha njerwa makumi asanu ndi limodzi n'chopepuka kwambiri moti dothi lofufuma limachinyamula mosavuta. N'chifukwa chake si bwino kuganiza kuti poti chinthucho n'chaching'ono ndiye kuti maziko akenso akhale osaya. Pa makande, gawo la pansi pa nthaka limatha kukhala lalitali mofanana ndi gawo looneka pamwamba, ndipo ndalama zambiri za ntchitoyi zimathera kumeneko.

Musanagule chilichonse, dziwani kaye dothi la pamalo panu, pakuti si chigwa chonse chimene chili ndi makande. M'mphepete mwa mitsinje ya Shire, Mwanza, Ruo ndi Thangadzi muli dothi la mchenga ndi matope obwera ndi madzi, pamene m'tsinde mwa mapiri, monga kutsidya la kum'mawa kumunsi kwa mapiri a Thyolo, mumapezeka dothi la timiyala limene siliyenda kwambiri. Kumbani kadzenje kakuya theka la mita, mutengeko dothi lodzaza dzanja, mulinyowetse pang'ono n'kuliumba. Likamaumbika ngati dongo la mbiya, n'kumatalika ngati chingwe osaduka pamene mukulipotokola pakati pa zikhatho, ndipo likauma n'kung'ambika, dziwani kuti muli pa dothi lofufuma. Likamangoyoyoka ndi kumveka mchenga pakati pa zala, ntchito yanu yapepukako. Ngati ndi nthawi ya chilimwe, tengani bango lowongoka mulilowetse m'ming'alu ingapo ya pafupi, ndipo pamene lafika pakuuzani kuya kumene maziko anu ayenera kupitirira.

Malo enieni oikapo chipilala asankhidwe mofatsa. Pewani pamene panali dzala, chimbudzi chakale, dzenje loumbiramo njerwa kapena chulu, chifukwa dothi lokwiriridwa limapitiriza kutsika kwa zaka zambiri ndipo pansi pa chulu pamakhala mapanga a chiswe. Pewaninso pamene pamagwera madzi a padenga, pafupi ndi mpopi, kapena m'mbali mwa ngalande. Mitengo nayo ndi nkhani yaikulu: nimu, mango, masawu ndi bulugamu zimayamwa madzi ambiri m'chilimwe, motero mbali ya maziko imene yayang'ana kumtengo imauma ndi kutsika msanga kuposa mbali inayo. Ngati bwalo likulola, talikirani mtengo mtunda wofanana ndi msinkhu umene mtengowo udzafike ukadzakula. Sindikulimbikitsa kudula mtengo chifukwa cha chipilala, pakuti mthunzi kuno ndi wamtengo wapatali, komanso mukadula mtengo waukulu dothi lozungulira limayamba kufufuma pang'onopang'ono chifukwa palibenso chimene chikumwa madzi ake. Chapafupi ndi kusuntha chipilalacho.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi. M'miyezi imeneyi dothi silinafufume monga mu Febuluwale ndipo silinanyale monga mu Okutobala, lili pakatikati, choncho kuyenda kwake kwa m'tsogolo, kaya kokwera kaya kotsika, kumakhala kochepa. Kunja kumakhalanso kozizirirapo, zimene zimathandiza kuti konkireti ikhwime bwino.

Tiyeni titenge chitsanzo cha chipilala cha njerwa chotalika mita imodzi ndi masentimita 20, chimene mbali iliyonse ndi masentimita 35, ndiko kuti njerwa imodzi ndi theka. Chipilala chotere chimafuna phazi la konkireti la masentimita 75 mbali zonse zinayi ndi masentimita 25 kuchindikala kwake. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti mlomo wa phazi umene watulukira kunja kwa chipilala usapose kuchindikala kwa phazilo. Pano mlomowo ndi masentimita 20, choncho zili bwino. Pa dothi la timiyala kapena la mchenga wokhazikika, dzenje lakuya masentimita 60 likwanira. Pa makande kumbani mita imodzi, ndipo ngati bango lija linatsika kuposa pamenepo, pitirizani mpaka mutadutsa ming'alu n'kufika pa dothi la chinyezi chokhazikika. M'malo amene madzi osefukira anasiya mchenga ndi matope atsopano, monga zinachitikira m'midzi yambiri mu Januwale 2015 ndi nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, musawerengere dothi latsopanolo. Yambani kuyeza kuya kwanu pamene mwafika pa nthaka yakale, imene imadziwika ndi mtundu wake ndi kulimba kwake.

Polemba malo, khomani zikhomo ndi kumanga zingwe ziwiri zopingasana pakati penipeni pa chipilala, ndipo zikhomozo zikhale patali ndi dzenje kuti zisagwedezeke pokumba, chifukwa mudzazifunanso poimika zitsulo ndi poyala njerwa yoyamba. Kuti ngodya ikhale yolondola, yezani masentimita 60 pa chingwe chimodzi ndi 80 pa chinacho. Mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ukakhala masentimita 100, ngodyayo yakhala bwino. Pa phazi la masentimita 75, mizere iwiri yodutsa pakati kuchokera pangodya kufika pangodya inzake iyenera kufanana, iliyonse masentimita 106. Pakamwa pa dzenje mukulitseko kufika mita imodzi kuti wokumba athe kutembenuka ndi fosholo.

Pansi pa dzenje pakhale pathyathyathya, osati pozungulira ngati mtondo. Dothi lonse lofewa lichotsedwe, ndipo mukakumba mopitirira mbali imodzi musabwezeremo dothi lomwelo, koma dzazanimo miyala kapena konkireti. Pa makande musalisiye dzenje lili pululu kwa masiku ambiri, pakuti dzuwa limaumitsa pansi pake ndipo mvula ikagwa limasanduka chithaphwi. Konzekeranitu zipangizo kuti mukumbe lero n'kuthira konkireti mawa. Usiku liphimbeni ndi malata kapena matabwa chifukwa cha ana ndi mbuzi, ndipo m'mawa yang'anitsitsani musanatsikemo, popeza zinkhanira ndi njoka zimakonda kugweramo. Kumadera oyandikana ndi madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, madzi amatha kutumphuka musanafike mita. Zikatero lekani kutsika, kapani madziwo, yalani miyala ikuluikulu n'kuisindira mpaka itasiya kumira, ndipo mukulitse phazi kufika mita imodzi mbali zonse kuti kulemera kugawike pamalo aakulu, n'kuonjezeranso kuchindikala kwake motsatira lamulo la mlomo lija.

Pansi pokonzedwa bwinopo thirani miyala ya kwale yosakaniza ndi mchenga wokhakhala, yochindikala masentimita 10, muiwaze madzi pang'ono n'kuisindira ndi chipika cholemera kufikira phazi lanu litasiya kusiya chizindikiro. Pamwamba pake yalani pulasitiki wakuda wochindikala, amene amaletsa dothi louma kuyamwa madzi a m'konkireti yaiwisi ndiponso amachepetsa mchere wochokera pansi.

Nkhani ya mchere ndiyofunika kuifotokoza bwino, chifukwa ndi vuto lenileni la kuchigwa kuno. M'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi pa nthaka ndi amchere, moti mijigo ina anthu anaisiya, ndipo m'chilimwe mumaona ufa woyera pamwamba pa dothi ndi m'munsi mwa zipupa. Mchere ukalowa m'konkireti umachititsa dzimbiri pa zitsulo, dzimbiri limatupa, ndipo konkireti imang'ambika kuyambira m'kati. Choncho madzi osakanizira akhale oti inu nomwe mutha kumwa. Alaweni kaye, ndipo akakhala amchere ndi bwino kulipira wa ngolo kapena wa njinga akakutungireni kwina kusiyana n'kuwononga simenti. Mchenga nawonso usatengedwe pamene payera mchere. Mitsinje yathu imauma m'chilimwe n'kusiya mchenga wambiri, koma wabwino ndi wokhakhala wa pakati pa mtsinje, osati wosalala wa m'mbali umene wadzaza matope. Kuti mutsimikize, thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka masentimita 10, mudzazemo madzi, mukhutchumule kwambiri n'kulisiya maola atatu. Matope amene akhazikike pamwamba pa mchenga akaposa theka la sentimita, mchengawo utsukeni kapena mufune wina.

Miyala ikhale ya kwale, yaukulu wa pafupifupi masentimita awiri, yopanda fumbi ndi dothi. Zidutswa za njerwa zisalowe m'malo mwa miyala pa maziko, pakuti zimamwa madzi ndipo n'zofewa. Simenti igulidwe yatsopano. Thumba la makilogalamu 50 likakhala ndi zibuluma zimene sizikuphwanyika ndi zala, linalowa chinyezi ndipo mphamvu yake yachepa. Mukaisunga, ikani pa matabwa, osati pansi.

Pa dothi losayenda, phazi la konkireti yokhayokha limakwanira. Pa makande ndimalimbikitsa zitsulo, ndipo si zambiri. Dulani zitsulo khumi za Y10 (zitsulo za mizeremizere zonenepa mamilimita 10) zotalika masentimita 65, muyale zisanu mbali imodzi ndi zisanu mopingasa, n'kuzimanga ndi waya kuti zikhale ngati ukonde wa mipata ya masentimita pafupifupi 15. Ukondewu usagone pansi. Uikeni pa timabuloko ta simenti kapena pa miyala yolimba kuti ukwere masentimita asanu, ndipo m'mbali monse mukhalenso mpata wa masentimita asanu, chifukwa chitsulo chimene sichinakutidwe ndi konkireti chimayamba dzimbiri nyengo imodzi yokha. Kenaka pindani zitsulo zina zinayi ngati ndodo ya gogo, phazi lake masentimita 20, muzimangirire pa ukonde ziimirire m'ngodya zinayi za tsinde la chipilala, lomwe ndi gawo la konkireti lochokera pa phazi kufika pamwamba pa nthaka, n'kuzizunguliza mikombero ya chitsulo chaching'ono chosalala cha R6 (mamilimita asanu ndi limodzi) pa masentimita 20 alionse. Zonsezi zimatha pafupifupi mamita 12 a Y10. Pakati penipeni imikani chitsulo chimodzi cha Y12 (mamilimita 12) chotalika mokwanira kufika pafupi ndi nsonga ya chipilala, ndipo pamutu pake muvekepo botolo la pulasitiki kuti chisabaye munthu. Gwiritsani ntchito zingwe zopingasana zija kuti zitsulozi zikhale pakati, n'kuzichirikiza ndi mitengo kuti zisasunthe pothira.

Konkireti ya maziko isakanizidwe muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Yezani ndi ndowa imodzi yomweyo, yosalazidwa pamwamba, osati ndi fosholo, chifukwa fosholo ya simenti ndi fosholo ya miyala sizinyamula mofanana. Kwa ozolowera wilibala, thumba limodzi la simenti limayenderana ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala, mosasefukira, ndipo zimenezi zimatulutsa konkireti yokwanira phazi la chitsanzo chathu. Sakanizirani pa simenti yakale kapena pa lata, osati pa dothi. Yambani ndi mchenga ndi simenti zouma mpaka mtundu utakhala umodzi, onjezani miyala, ndipo madzi abwere pomaliza, pang'onopang'ono, malita pafupifupi 25 pa thumba, kapena ocheperapo ngati mchenga ndi wonyowa. Apa ndi pamene aganyu amafuna kuwayang'anira, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa konkireti yamadzimadzi imapepuka pa fosholo ndipo dzuwa la kuno limatopetsa. Komabe madzi ochuluka amasiya timabowo akauma ndipo mphamvu imatsika kwambiri. Konkireti yabwino imakhala ngati nsima yofewa: mukaiunjika imakhazikika pang'ono koma siyenderera, ndipo mukaimenya ndi kumbuyo kwa fosholo pamwamba pamasalala popanda madzi kutuluka.

Yambani ntchito yothira m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka, ndipo musakanize yokhayo imene mungamalize mkati mwa theka la ola. Miyala ikakhala yotentha ndi dzuwa iwazeni madzi kaye. Thirani theka la kuchindikala, mujobejobe ndi chitsulo kapena ndodo paliponse, makamaka m'ngodya ndi mozungulira zitsulo, kufikira thovu la mpweya litasiya kutuluka, kenaka muthire theka lotsalalo popanda kupumira. Pamwamba pa phazi payezedwe ndi levulo mbali zonse ziwiri, koma pamene padzakhale tsinde pasiyidwe pokhakhala kuti konkireti yotsatira idzagwire. Valani majombo ndi zotchinga m'manja, pakuti simenti yaiwisi imaotcha khungu pang'onopang'ono munthu osamva, ndipo mabala ake amachedwa kupola.

Tsiku lotsatira, khomani bokosi la matabwa la masentimita 35 mbali zonse, lotalika kuyambira pa phazi mpaka masentimita 20 pamwamba pa nthaka, mulipake oyilo wakale m'kati pang'ono kuti lisadzamatirire, n'kuliimika mowongoka pogwiritsa ntchito levulo kapena chingwe chomangirira kamwala. Tsukani pamwamba pa phazi, mupake phala la simenti, ndipo muthire konkireti ya muyeso womwe uja mukujobajoba ndi kugogoda matabwa ndi hamala. Tsinde limeneli limatha pafupifupi magawo awiri mwa atatu a thumba. Ena amamanga gawo la pansili ndi njerwa pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo pa dothi labwino zimatheka, koma njerwa zokwiriridwa m'dothi la mchere ndi chinyezi zimafumbutuka pakapita zaka, choncho pa makande ndi m'malo osefukira madzi ine ndimasankha konkireti.

Konkireti sikhwima chifukwa chouma ayi, imakhwima chifukwa simenti ikupitiriza kugwirizana ndi madzi, ndipo madziwo akathawa msanga kukhwima kumaima pomwepo. Kuno kumene mphepo ndi dzuwa zimaumitsa chovala m'kanthawi kochepa, kuthirira ndi theka la ntchito yonse. Matabwa achotsedwe patatha masiku awiri, ndipo nthawi yomweyo kulungani tsinde ndi masaka onyowa kapena masamba a nthochi, pamwamba n'kuphimba ndi pulasitiki. Thirirani m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, mosamala kuti madzi asadzaze m'dzenje n'kufufumitsa makande. Mphamvu yake yonse imayezedwa pa masiku 28, choncho katundu wolemera adikire mpaka pamenepo.

Kukwirira dzenje ndi gawo limene ambiri amalichita mothamanga, chikhalirecho pa makande ndi pamene pagona nkhani. Mukabwezera makande omwewo mozungulira tsinde, akadzafufuma adzaligwira m'mbali n'kulikokera m'mwamba. Mukadzazamo mchenga wokhawokha n'kusiya pamwamba potseguka, dzenjelo lidzasanduka chitsime chosonkhanitsa madzi a mvula ndi kuwatsitsira pansi pa phazi penipeni, kumene kuli koipa kuposa poyamba. Njira imene yandithandiza ndi iyi: kulungani tsinde ndi pulasitiki wakuda kawiri kuti dothi lizitsetsereka m'malo moligwira, kenaka mukwirire ndi dothi la timiyala losafufuma, longa limene amathira m'misewu, masentimita 15 nthawi imodzi, mukuliwaza madzi pang'ono ndi kulisindira mbali zonse mofanana kuti tsinde lisakankhidwe. Mukafika pamwamba, umbani kakhonde ka konkireti kozungulira chipilala, kotambalala masentimita 60 kapena kuposerapo, kochindikala masentimita asanu ndi awiri, kotsetserekera kunja kuti madzi azigwera kutali. Pakati pa kakhondeko ndi tsinde pakhale pulasitiki uja, kuti kakhonde kakatukuka kasanyamule chipilala.

Tsopano mutha kumanga gawo looneka. Pamwamba pa tsinde yalani kachidutswa ka pulasitiki pamene padzakhale njerwa, pakati n'kusiya poyera kuti konkireti ya m'kati idzalumikizane ndi tsinde. Njerwa zikhale zopsa bwino, zolira ngati chitsulo mukazigundanitsa, ndipo muziviike m'madzi musanazimange kuti zisamwe madzi a m'matope. Matope ake akhale muyeso umodzi wa simenti ndi inayi ya mchenga. Mzere uliwonse umatenga njerwa zinayi zozungulira chitsulo chija, ndipo mzere wotsatira uzitembenuka kuti mipata isayang'anizane. Chipilala chonse chimatha njerwa 60 kapena 70 malinga ndi chikombole chimene anaumbira. Mukamanga mizere inayi kapena isanu, dzazani bowo la pakati ndi konkireti ya timiyala ting'onoting'ono n'kujoba. Yezani kuwongoka kwa mbali ziwiri zoyandikana pa mzere uliwonse, popeza kulakwitsa kwa theka la sentimita pansi kumaonekera kwambiri pamwamba. Pansonga ikani chipewa cha konkireti chotulukira kunja masentimita anayi kapena asanu, chotsetsereka pang'ono, ndipo ngati mudzaikapo nyali kapena mphika wolemera, zikani mabawuti ake konkireti idakali yaiwisi. Ntchito yonse, kuphatikizapo kakhonde ndi pulasitala, imatha matumba anayi a simenti kapena kupitirira pang'ono.

Miyeso imeneyi ndi ya chipilala chonyamula katundu wopepuka. Chipilala cha pageti chimakokedwa m'mbali tsiku lililonse ndi kulemera kwa geti, choncho chimafuna phazi lokulirapo, zitsulo zinayi za Y12 zofika pamwamba, ndipo pa makande ndi bwino kulumikiza zipilala ziwirizo ndi mtanda wa konkireti wa zitsulo wodutsa pansi pa njira kuti ziziyendera limodzi. Za thanki ya madzi n'zosiyana kwambiri, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero thanki ya malita 1,000 ndi tani yathunthu ili m'mwamba, ndipo ya malita 5,000 ndi matani asanu. Nsanja yotere isamangidwe potengera nkhani ino. Pamafunika katswiri wa zomangamanga woti ayeze dothi ndi kuwerengera zitsulo.

Kwa okhala m'malo amene madzi amadutsa, monga ku Makhanga, kumunsi kwa Bangula ndi m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, pali choonjezera. Anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu 2023 anaonetsa kuti madzi othamanga sayamba ndi kukankha chomangidwa, koma amakumba dothi patsinde pake, makamaka mbali imene akuchokera, mpaka maziko atatsala m'malere. Funsani akuluakulu a m'mudzimo kumene madzi amachokera ndi pamene anafika, ndipo ngati n'kotheka kwezani tsinde la konkireti lipitirire pamenepo. M'mphepete mwa kakhonde zikani miyala ikuluikulu yolumikizidwa ndi simenti kutsika masentimita 30, ndipo kunja kwake mudzale udzu wa vetiva kapena kapinga kuti mizu igwire dothi.

Chipilala chikatha, maluwa kapena masamba ofuna kuthirira tsiku ndi tsiku adzalidwe mita imodzi kapena iwiri kuchokera pa kakhonde, ndipo ngati mphika uli pamwamba, madzi otuluka pansi pake azigwera pa kakhonde, osati kutsikira m'mbali mwa tsinde. Ming'alu ikatseguka pafupi m'chilimwe, itsekeni ndi dothi lofewa mvula isanayambe kuti madzi oyamba asathamangire pansi. Pa tsiku lomaliza ntchito, khomani kamsomali pansi pa chipewa, mupachikepo chingwe chomangirira kamwala, ndipo mulembe pa kakhonde pamene kamwalako kaloza. Mudzayezenso kumapeto kwa Malichi dothi litakhuta madzi, ndi kumapeto kwa Okutobala litauma. Kamwala kakadzasuntha kuposa sentimita imodzi, yang'anani mbali imene madzi akulowera kapena muzu umene wafika pafupi, n'kukonza pamenepo dzinja lotsatira lisanafike.